Maluwa a Chikande a M'madambo

Mvula ikagwa ndi kukhazikika, madambo a m'Malawi amasintha maonekedwe. Udzu umene unapsa ndi moto m'chilimwe umaphukanso, achule amayamba kulira, ndipo madzi amadikha m'malo otsika. Pofika mwezi wa Januwale, pakati pa udzu wobiriwirawo pamaoneka maluwa oyera, achikasu, ofiira ndi ofiirira. Ena mwa maluwa amenewa ndi a zomera zimene amayi amakumba timbatata take ndi kuphika ndiwo zotchedwa chikande kapena chinaka.

Anthu ambiri amene anadyapo chikande sadziwa duwa lake. Iwo amadziwa za pansi pa nthaka zokha. Komatu zomera zimenezi zimazindikirika bwino lomwe popanda khasu. Maluwa ake ali ndi zizindikiro zimene mwana wa sukulu aliyense angathe kuziphunzira, malinga akhale wodekha ndi wa maso akuthwa.

Dambo

Dambo ndi malo otsika, a udzu wokhawokha, kumene madzi amakhalitsa m'nyengo ya dzinja. Mitengo yambiri simera m'dambo chifukwa mizu yake imaola ikakhala m'madzi kwa miyezi ingapo. Motero dzuwa limafika pansi popanda chotchinga, ndipo zomera zing'onozing'ono zokonda chinyezi ndi kuwala zimakula bwino. Dothi la m'dambo limamwa madzi ngati chinkhupule, ndipo m'chilimwe limawatulutsa pang'onopang'ono. Mitsinje monga Bua, umene umadutsa m'madambo aakulu a ku Mchinji ndi ku Kasungu, imalandirabe madzi ngakhale mvula italeka. Mawu akuti dambo ndi a Chichewa, koma akatswiri a za nthaka a m'maiko ena anawabwereka, ndipo amawalemba m'mabuku awo monga momwe alili.

Madambo ena ali pamwamba pa mapiri, monga ku Nyika, ku Viphya, ku Dedza, ku Zomba ndi ku Mulanje. Kumeneko kumazizira, ndipo madzi amatumphuka pansi pa udzu waufupi.

Pakati pa dambo pamakhala madzi ambiri, ndipo pamamera mabango ndi milulu. Kumtunda kwake kumayamba tchire la mitengo. Pakati pa malo awiriwa pali chigawo chonyowa, pamene phazi limasiya chidindo koma silimira. Wofuna maluwa a chikande ayambe kuyang'ana pamenepo.

Banja la maokidi

Zomera zili ndi mabanja monga momwe alili anthu. Nyemba, khobwe, nandolo ndi mtedza ndi za banja limodzi. Chimanga, mapira, mpunga ndi nzimbe ndi za banja lina. Chikande nacho chili ndi banja lake, lotchedwa banja la maokidi. Limeneli ndi limodzi mwa mabanja aakulu koposa a zomera za maluwa, pakuti pa dziko lonse lapansi pali mitundu ya maokidi pafupifupi 28,000. Vanila amene amanunkhiritsa makeke amachokera ku zipatso za okidi woyanga.

M'Malawi muli mitundu ya maokidi pafupifupi 400. Ina imamera pa nthambi za mitengo ndi pa matanthwe, koma yambiri imamera pansi. Ku Nyika kokha kumapezeka mitundu yoposa 200. Si maokidi onse amene amadyedwa. Chikande chimachokera ku ena mwa maokidi omera pansi, makamaka a m'madambo ndi a m'udzu wa m'mapiri.

Zizindikiro za okidi

Akuluakulu amati, "Kuona maso a nkhono n'kudekha." Munthu wofuna kuzindikira okidi ayenera kugwada pansi ndi kuyang'anitsitsa duwa limodzi. Pali zizindikiro zinayi zofunika.

Chizindikiro choyamba ndi timasamba ta duwa. Duwa la okidi lili ndi timasamba tisanu ndi kamodzi, titatu kunja ndi titatu m'kati. Kamodzi mwa timasamba ta m'kati kamasiyana ndi tinzake tonse pa kukula, pa maonekedwe, ndipo nthawi zina ngakhale pa mtundu. Kameneka kamatchedwa mlomo wa duwa. M'maokidi ambiri mlomo umakhala mmunsi, ndipo ndi pamene tizilombo touluka timatera.

Chachiwiri ndi maumbidwe a duwa lonse. Duwa la dzungu ndi lozungulira, ndipo lingathe kugawidwa pakati kuchokera mbali iliyonse. Duwa la okidi lili ngati nkhope ya munthu. Lili ndi kumwamba ndi kunsi, ndipo mbali ya kumanzere ndi yofanana ndi ya kumanja. Pali njira imodzi yokha yoligawira kuti mbali ziwirizo zilingane.

Chachitatu ndi mungu. M'maluwa ambiri muli timitengo tating'ono tokhala ndi ufa wachikasu kunsonga, ndipo ufawo umatsalira pa chala. M'duwa la okidi mulibe zimenezi. Pakati pake pali kamzati kamodzi kakafupi, ndipo mungu umakhala wobisika m'menemo, woumbidwa m'timibulu. Kachilombo kakalowetsa mutu m'duwa, timibuluto timamatirira pa thupi lake, ndipo kamatinyamula kupita nato ku duwa lina.

Chachinayi ndi masamba ndi phesi. Mitsempha ya tsamba la okidi imayenda motsatizana kuchokera kutsinde mpaka kunsonga, monga ya tsamba la chimanga. M'mphepete mwa tsamba ndi mosalala, mopanda mano. Phesi la maluwa limaima chilili, ndipo kawirikawiri silichita nthambi. Maluwa amasanjikizana kumtunda kwa phesilo, ndipo a mmunsi ndiwo amayamba kumasula.

Maokidi ambiri a m'dambo alinso ndi chinthu china chothandiza powasiyanitsa. Kumbuyo kapena kunsi kwa duwa kumatuluka kachubu kamphako, kotseka kunsonga, kooneka ngati mchira. M'kati mwa mchira umenewu ndi mmene mumakhala timadzi totsekemera timene njuchi, agulugufe ndi mbalame za choso zimafuna. Maokidi ena ndi ochenjera: michira yawo ndi youma, ndipo kachilombo kamanyamula mungu kwaulere, osalandira kanthu.

Mafuko anayi

M'banja lalikulu mumakhala mafuko. Maokidi odziwika a m'madambo a m'Malawi ndi a mafuko anayi, ndipo maina ake ndi Satyrium, Disa, Habenaria ndi Eulophia. Maina amenewa ndi ovuta kutchula poyamba, koma ndi amene akatswiri a zomera amagwiritsa ntchito m'maiko onse.

*Satyrium.* Duwa la Satyrium limaoneka ngati lavala chisoti. Chisoti chimenechi ndi mlomo uja, umene m'fuko ili umakhala pamwamba m'malo mokhala mmunsi. Kumbuyo kwa chisoti kumatuluka michira iwiri, wina kumanzere, wina kumanja. Pa mafuko anayiwa, ili lokha ndilo lili ndi michira iwiri. M'mitundu ina michirayo ndi yaifupi kwambiri, kotero kuti imafuna kuyang'anitsitsa. Mtundu wotchedwa Satyrium trinerve umapezeka m'madambo ambiri. Maluwa ake ndi oyera, aang'onoang'ono, othithikana kunsonga kwa phesi. Satyrium buchananii nayenso ndi woyera, koma michira yake ndi yaitali, ndipo amakonda malo onyowa a m'mapiri. Mitundu ina ya fuko limeneli ili ndi tsamba limodzi kapena awiri ozungulira, ogona pansi ngati mbale.

*Disa.* Duwa la Disa nalo lili ndi chisoti pamwamba, koma mchira wotuluka kumbuyo kwa chisoticho ndi umodzi wokha. Mlomo wake uli mmunsi, ndipo ndi waung'ono ndi wopyapyala, mwakuti wosadziwa sangauone msanga. Maluwa a fuko ili amaonekera patali chifukwa cha mitundu yake yowala. Disa erubescens ali ndi maluwa ofiira ngati lalanje lakupsa, okhala ndi timadontho m'kati mwa chisoti. Disa hircicornis amamera m'malo a lowe, ndipo maluwa ake ndi ofiirira. Dzina lakuti hircicornis limatanthauza nyanga ya mbuzi, chifukwa mchira wake ndi wopindika ngati nyangayo.

*Habenaria.* Maluwa a Habenaria ndi obiriwira kapena oyera, ndipo amabisika mosavuta m'udzu. Mlomo wake umagawika patatu, ndipo timasamba take tina n'topyapyala ngati ulusi, kotero kuti duwa lonse limaoneka ngati kangaude kapena udzudzu waukulu. Mchira ndi umodzi, koma sutuluka ku chisoti monga wa Disa. Umatuluka kutsinde kwa mlomo ndi kulendewera pansi. Mitundu yambiri ya fuko limeneli imanunkhira madzulo, chifukwa alendo ake ndi agulugufe a usiku okhala ndi malilime aatali. Mchira wa Habenaria walleri umaposa masentimita 10. Kachilombo ka lilime lalifupi sikangafike pa timadzi take.

*Eulophia.* Maluwa a Eulophia alibe chisoti. Mlomo wake ndi waukulu, wooneka bwino, ndipo pamwamba pake pali timizere totukuka. Mchira ndi waufupi, ndipo nthawi zina umangokhala ngati kathumba. Chizindikiro china chili patsinde: phesi la maluwa limatuluka m'nthaka palokha, pambali pa masamba. Masamba a mitundu yambiri ali ndi mapindo m'litali mwake, ngati tsamba la kanjedza wongomera kumene. Eulophia angolensis amamera m'malo a madzi ambiri. Amatalika kuposa mita imodzi, ndipo maluwa ake achikasu amaonekera pamwamba pa udzu.

Tsono munthu akapeza okidi m'dambo adzifunse mafunso awiri: kodi michira ilipo ingati, nanga ikutuluka pati? Michira iwiri kumbuyo kwa chisoti ndiye kuti ndi Satyrium. Mchira umodzi kumbuyo kwa chisoti ndiye kuti ndi Disa. Mchira umodzi wolendewera kuchokera ku mlomo wogawika patatu, pa duwa lobiriwira kapena loyera, ndiye kuti ndi Habenaria. Mlomo waukulu wa timizere, mchira waufupi ndi phesi loima palokha ndiye kuti ndi Eulophia. M'madambo muli mafuko enanso aang'ono, koma wodziwa anayiwa wayamba bwino.

Ena mwa maina amenewa amakumbutsa mbiri ya dziko lino. Dzina lakuti walleri likuchokera kwa Horace Waller, amene anafika ku Magomero ndi amishoni m'chaka cha 1861. Lakuti buchananii likuchokera kwa John Buchanan, amene anafika ku Blantyre m'chaka cha 1876, ndipo pambuyo pake anakakhala ku Zomba. Anthu amenewa ankatola zomera ndi kuzitumiza ku Ulaya. Koma iwo asanafike, eni dziko ankazidziwa kale zomerazi, ankazitcha maina awoawo, ndiponso ankadziwa zodyedwa ndi zosadyedwa.

Maluwa onyenga maso

M'dambo ndi m'mphepete mwake muli maluwa ena amene amafanana ndi maokidi munthu akawaonera patali. Limodzi mwa iwo ndi Gladiolus. Nalo limasanjikiza maluwa pa phesi limodzi, koma m'kati mwa duwa lake muli timitengo titatu ta mungu tooneka poyera. Masamba ake ndi aphanthi ngati lupanga.

Lina ndi kaufiti, amene amayamwa mizu ya chimanga ndi ya udzu. Duwa la kaufiti lili ndi kumwamba ndi kunsi monga la okidi, koma timasamba take n'tolumikizana, ndipo lilibe mchira. Masamba a kaufiti ndi aang'ono ndi okhakhala.

Loopsa koposa ndi Gloriosa, duwa lofiira ndi lachikasu looneka ngati malawi a moto. Timasamba take tisanu ndi kamodzi n'tofanana tonse, ndipo timapindikira m'mwamba. Nsonga za masamba ake zimapotana ndi kugwira udzu kapena zitsamba. Pansi pake pali muzu wonenepa wokhala ndi poizoni wakupha. Ndi chifukwa chake mwana sayenera kulawa muzu uliwonse wa m'tchire. Paja amati, "Safunsa anadya phula."

Moyo wa pansi pa nthaka

Maokidi a m'dambo amaoneka kwa miyezi yowerengeka chabe. Mitundu ina ya Eulophia imachita maluwa mvula yoyamba itangogwa, koma maokidi ambiri amamasula kuyambira mu Disembala mpaka mu Malichi. Mvula ikatha, masamba ndi mapesi zimauma. Chomeracho sichinafe ayi. Moyo wake wabisala pansi.

Pansi pa Satyrium, Disa ndi Habenaria pamakhala timbatata. Chomera chikakhala pa maluwa, kawirikawiri timbatatato timakhala tiwiri. Kamodzi n'kakale, kofota, chifukwa chakudya chake chatha pomeretsa masamba ndi maluwa a chaka chino. Kena n'katsopano, kolimba, kodzaza ndi chakudya cha chaka chamawa. Kambatata katsopanoka ndi nkhokwe ya chomeracho. Moto wa m'chilimwe ukadutsa pamwamba sukafika, ndipo mvula ikabweranso kamaphuka. Eulophia ndi wosiyana. Pansi pake pamakhala mphindi zolumikizana ngati jinja.

Maokidi amaberekanso mbewu. Duwa likalandira mungu, kumbuyo kwake kumatupa kathumba. Kathumbako kakauma kamang'ambika, ndipo mumatuluka mbewu zikwizikwi zazing'ono ngati fumbi, zimene zimauluzika ndi mphepo. Njere ya nyemba kapena ya chimanga imakhala ndi chakudya chake chomerera. Mbewu ya okidi ilibe kamba wotere. Kuti imere, iyenera kukumana ndi timaulusi ta bowa tokhala m'nthaka, timene timaidyetsa ikadali yaing'ono. Mbewu zochepa zokha ndizo zimapeza mwayi umenewu, ndipo zikamera pamapita zaka zingapo zisanachite maluwa. Ichi ndicho chifukwa chake okidi wozulidwa m'dambo ndi kukabzalidwa pakhomo kawirikawiri sakhalitsa.

Chikande

Kuyambira kalekale anthu a m'madera ena a Malawi, Zambia ndi Tanzania akhala akudya timbatata ta maokidi. Amayi amatitsuka, kutisinja mu mtondo, ndi kutiphika m'madzi a chidulo kapena a soda. Ambiri amathiramo nsinjiro, mchere ndi tsabola. Phalalo likazizira limalimba ngati chiwindi, ndipo amalicheka m'zidutswa. Ku Zambia chakudyachi amachitcha chikanda.

Kale chikande chinali ndiwo za pakhomo. Mayi ankakumba zokwanira mphika umodzi ndi kubwerera kumudzi, ndipo dambo linkapeza nthawi yochira. Pambuyo pake chakudyachi chinatchuka m'mizinda ya ku Zambia monga Lusaka, Kitwe ndi Ndola, ndipo chinasanduka malonda. Timbatata titachepa m'madambo a ku Zambia, amalonda anayamba kutigula m'maiko oyandikana nawo, kuphatikizapo Malawi. Kafukufuku amene anafalitsidwa m'chaka cha 2003 anaonetsa kuti timbatata toposa 2 miliyoni tinkatuluka m'mapiri a kummwera kwa Tanzania kupita ku Zambia chaka chilichonse.

Vuto lake ndi lakuti wokumba amatenga kambatata katsopano kaja, chifukwa ndiko kali ndi chakudya. Munthu akathyola mango, mtengo umatsala. Akakumba kambatata ka okidi, watenga chomera chonse. Akakumba mbewu zisanakhwime, ndiye kuti wapha mayi pamodzi ndi ana. Mabanja ambiri okumba chikande ndi osauka, ndipo ndalama zake amagulira chimanga, sopo ndi makope a ana. Maokidi akatha, mabanja omwewo ndiwo amayamba kuvutika, pakuti amayenda mitunda yaitali kufunafuna chimene kale chinkamera kuseri kwa mudzi.

Khasu la wokumba chikande si mdani yekhayo. Dambo lonse likalimidwa madimba mpaka m'mphepete, maokidi amasowa pokhala. Ngalande zakuya zimaumitsa dothi. Maenje a njerwa, ng'ombe zochuluka pa malo amodzi, ndi mitengo ya bulugama yobzalidwa pafupi ndi akasupe, zonsezi zimaononga dambo.

Kusamala maokidi

Maboma anachitapo kanthu pofuna kuteteza zomera zimenezi. Malo osungirako zachilengedwe a Nyika anakhazikitsidwa m'chaka cha 1965 ndi kukulitsidwa m'chaka cha 1978. Malowa ndi aakulu kuposa ena onse otere m'Malawi, ndipo lamulo limaletsa kukumba zomera m'menemo popanda chilolezo. M'chaka cha 2005 boma la Tanzania linakhazikitsa malo otetezedwa a Kitulo, makamaka chifukwa cha maluwa ake. Palinso pangano la maiko lotchedwa CITES, limene linalembedwa m'chaka cha 1973. Panganoli limafuna kuti wotumiza maokidi a m'tchire kunja kwa dziko akhale ndi chikalata cha boma.

Komabe madambo ambiri ali m'midzi, kumene kulibe alonda. Osamala ake ndi eni mudzi. Anthu angathe kugwirizana kuti asakumbe mapesi asanaume ndi mbewu zisanauluke. Angathe kusiya zomera zina pa malo aliwonse, kupumitsa mbali ina ya dambo kwa zaka zingapo, ndi kusiya chigawo china chosalimidwa. Kuti zimenezi zitheke, payenera kukhala anthu odziwa kumene maokidi amamera ndi kuchuluka kwake.

Ana a sukulu angathe kuthandiza pa ntchito imeneyi. Zida zake ndi kope, pensulo ndi rula basi. Wophunzira akapeza okidi alembe tsiku, malo, kutalika kwa chomera, mtundu wa maluwa ndi kuchuluka kwa michira. Ajambule duwa limodzi kuchokera kutsogolo ndi kuchokera m'mbali. Awerenge mapesi onse a maluwa amene ali pamalopo. Asathyole duwa, pakuti duwa lothyoledwa silibereka mbewu. Ulendo wotere umafuna mphunzitsi kapena munthu wamkulu. M'udzu wa m'dambo mumabisala njoka, ndipo m'madzi odikha mumakhala misundu ndi nkhono zofalitsa likodzo. Choncho ndi bwino kuvala nsapato, kunyamula ndodo, ndi kupewa kulowa m'madzi.

Kalasi imodzi ikawerenga maokidi a dambo la pafupi ndi sukulu m'mwezi wa Febuluwale, ndipo kalasi yotsatira ikachitanso chimodzimodzi chaka chinacho, pakapita zaka zingapo kope lija lidzakhala mboni. Lidzaonetsa ngati maluwa akuchuluka kapena akuchepa. Kope lotere lingathe kuperekedwa kwa anyakwawa ndi kwa alangizi a zaulimi, kuti mudzi uchitepo kanthu maokidi akadalipo. Madzi akatayika saoleka.

Mawu ofunika kuwadziwa

*chinkhupule:* chinthu chofewa chomwa madzi, chosambira kapena chotsukira mbale

*lowe:* malo onyowa nthawi zonse

*mungu:* ufa wa m'duwa umene umathandiza chomera kubereka

*chidulo:* madzi osefedwa m'phulusa, ofewetsera ndiwo

*kamba:* chakudya cha paulendo

*kufota:* kuuma ndi kuchita makwinya

A. Yankhani mafunso awa

1. Kodi dambo ndi malo otani?
2. N'chifukwa chiyani mitengo yambiri simera m'dambo?
3. Kodi m'Malawi muli mitundu ingati ya maokidi?
4. Tchulani zizindikiro zinayi za okidi.
5. Fotokozani kusiyana kwa duwa la Satyrium ndi la Disa.
6. N'chifukwa chiyani maluwa a Habenaria amanunkhira madzulo?
7. Kodi mbewu ya okidi imasiyana bwanji ndi njere ya nyemba?
8. N'chifukwa chiyani kukumba chikande n'kosiyana ndi kuthyola mango?
9. Tchulani zinthu zitatu zimene zimaononga madambo.
10. Kodi mudzi ungachite chiyani kuti chikande chisathe?

B. Miyambi

Perekani matanthauzo a miyambi iyi, ndipo fotokozani chifukwa chake yagwiritsidwa ntchito m'nkhaniyi.

1. Kuona maso a nkhono n'kudekha.
2. Safunsa anadya phula.
3. Madzi akatayika saoleka.

C. Chiyankhulo

1. Lembani mawu awa mochulukitsa: dambo, duwa, mchira, phesi, chisoti, khasu, kathumba.
2. Lembani mawu otsutsana ndi awa: kunyowa, kuchuluka, kutalika, kufota, kubisika.
3. Pangani ziganizo ndi mawu awa: chilili, pang'onopang'ono, chimodzimodzi, kwaulere.

D. Zochita

1. Tengani duwa la dzungu ndi duwa la nyemba. Ndi liti limene lingagawidwe pakati m'njira imodzi yokha? Jambulani maluwa awiriwa m'makope mwanu.
2. Funsani agogo anu kapena munthu wina wamkulu maina amene anthu a kwanu amatcha zomera za chikande. Afunseninso ngati zomerazi zikupezeka monga kale. Lembani zimene akuuzani m'ndime ziwiri.
3. Pamodzi ndi aphunzitsi anu, kaoneni dambo la pafupi ndi sukulu yanu. Werengani ndi kujambula maluwa amene mwawapeza, osathyola kapena kukumba chomera chilichonse.